Chipinda cha Kumapeto kwa Mdadada

12 Julayi

Mwana wanga,

Uthenga unandipeza ndili pakhonde, ndikumata chikuto cha buku lomwe linang'ambika. Ndinaona a Nasingano akulowa pageti, tepi yoyezera ili m'khosi, kuphazi alibe nsapato. Uwakumbuke, ndi telala uja wa chipinda chachiwiri kumdadada wathu wa lendi, ndipo dzinali anawapatsa ndi bambo ako. Zaka zonsezi sanabwerepo kunyumba kuno osadzikonza. Anaima m'munsi mwa masitepe n'kunena kuti, "Amayi, siyani bukulo, abambo agwa." Ine ndinaganiza kuti agwa pa makwerero, popeza anachoka m'mawa akunena zokayeza denga. Pambuyo pake ndinamva kuti anali atatsika kale. Anakhala pa benchi ya makasitomala pakhomo pa a Nasingano n'kupempha madzi. Madziwo anabwera, koma sanamwe.

Ndayamba ndi zimenezi ndisanakupatse n'komwe moni chifukwa uli kuno pamaliro unandifunsa kawiri mmene zinachitikira, ndipo kawiri konseko ndinalephera kukuyankha. Pa foni mawu amandithera. Papepala ndimatha kuima, kupukuta magalasi, n'kupitiriza. Choncho undipirire. Pa foni tizipatsana moni, koma nkhani zenizeni tizilemberana ngati kale, ngakhale makalata azichedwa m'njira.

Tsono moni. Unafika bwino? Mpongozi wanga ndi adzukulu anga ali bwanji? Wamng'ono uja dzino lija linatuluka?

Ndayamba kupita kumdadada masana. Anthu akundilandira bwino, mwina mopitirira, moti ndikangofika aliyense amatsitsa wailesi. Mpopi ukudontha, ndauza pulambala. Zina zonse zili m'malo mwake. Chomwe chikundivuta ndi chipinda cha kumapeto, chopanda munthu chija. Bambo ako ankachitsegula m'mawa uliwonse kuti mudutse mphepo. Pano loko amangokhala pachitseko. Zipinda zinayi zili ndi phokoso lake, kwina makina osokera, kwina ana, koma ndikafika pamenepo kuli zii, ndipo mtima umandipweteka. Ndimatembenuka ndisanafike pakona.

Kachipinda kawo ka kunyumba kuno, komwe ankasungira zida ndi manyuzipepala, sindinakatsegule. Mlongo wako akuti tikasese. Ndamuuza kuti nthawi ilipo.

Ndine mayi ako.

2 Ogasiti

Amayi,

Kalata yanu ndinailandira, ndipo ndinaiwerenga m'galimoto ndisanalowe m'nyumba, kuti ana asandione nkhope. Zikomo pondiuza. Tonse tili bwino kuno. Dzino linatuluka, ndipo mwini wake akuluma nalo aliyense.

Sindikufuna kuti mdadada uzikulemerani. Usiku wapitawu ndi masiku ena ndakhala ndikuwerenga za kayendetsedwe ka nyumba za lendi, ndiponso ndafunsa anzanga omwe ali nazo. Abambo ankachita zambiri pakamwa, chifukwa anthu ankawadziwa komanso kuwaopa pang'ono. Inu ndinu ofatsa, ndiye pakufunika pepala. Aliyense akhale ndi mgwirizano wolembedwa, wonena tsiku lolipira, zomwe mwini nyumba amakonza ndi zomwe wa lendi amakonza yekha. Wolowa kumene azipereka dipoziti, yomwe imabwezedwa akamatuluka ngati sanawononge kanthu. Chipinda chilichonse chikhale ndi mita yake ya magetsi, kuti wa ayironi asamakangane ndi wa babu limodzi. Komanso lendi ikalowa muzipatulako kagawo ka zokonzakonza, musanagule ngakhale sopo.

Za chipinda cha kumapeto musadandaulenso. Ndamva mmene chikukupwetekerani, ndipo kunena zoona chipinda chongokhala ndi chitayiko. Ndalankhula ndi mnzanga uja tinkaphunzira naye, amene pano ndi ejenti wa nyumba. Pogwiritsa ntchito pepala lomwe munasaina ndili komweko, londilola kukuthandizani pa za mdadada, ndamuuza kuti apeze munthu waulemu, wa ntchito yokhazikika, wopanda phokoso. Akuti alipo kale. Lamlungu pa foni ndinatsala pang'ono kukuuzani, koma ndinakumbukira kuti munati nkhani zenizeni zizibwera papepala. Posachedwapa mukamadutsa pakona paja muzipeza katani pawindo.

Mundiuze ngati pulambala anabwera.

Mwana wanu.

16 Ogasiti

Achimwene,

Moni wanu ndi umenewu, wina mudzalandira mtima wanga ukatsika.

Kalata yanu kwa amayi yafika dzulo. Munthu wanu anafika Loweruka lapitalo. Mwaona kusiyana kwake? Ine ndinali nditangoweruka kuchipatala, ndisanavule n'komwe yunifolomu, pomwe amayi anandiimbira kuti kumdadada kwaima lole. Nditafika ndinapeza bedi, matiresi, firiji yaing'ono ndi mtsikana wina atagwira mgwirizano wosainidwa ndi mnzanu wa nsapato zosongoka uja. Mtsikanayo alibe vuto, amagwira ntchito ku famase, kogulitsa mankhwala, ndipo anthu am'patsa kale dzina loti a Famase. Komwe ankakhala anali atabweza makiyi. Ine ndinkafuna kuyankhula, koma amayi anandigwira mkono. Anawerenga pepalalo mpaka kumapeto monga amawerengera chilichonse, n'kutulutsa kiyi m'chikwama. Kenako anandiuza kuti ndithandize kutulutsa malata omwe anali mkatimo. Ndinadzicheka chala, ndipo mlandu umenewonso ndi wanu.

Mukudziwa chifukwa chake chipindacho chinkakhala chopanda munthu? Simukudziwa, chifukwa mdadada unamangidwa inu mutapita kale, ndipo mukabwera mumangoima pamsewu n'kumawerenga zitseko. Chilimwe chilichonse abambo ankasamutsira wa lendi mmodzi kumapeto kuja, n'kukonza chipinda chake chonse, denga, pansi, penti, zitseko. Akamaliza munthuyo ankabwerera, chaka chotsatira n'kupita wina. N'chifukwa chake mdadada wathu sunaonekepo wokalamba, ndipo anthu sasamuka. Amayi sankalira lendi, achimwene. Ankalira amuna awo.

Chaka chino ndi cha a Nasingano. Tsiku lija abambo anakwera kukayeza denga lawo. Phaso linadyedwa ndi chiswe, ndipo kalipentala akuti silipirira mvula ina. Malata abambo anagula kale, ndi omwe aja tawaunjika kuseri. Tsono a Nasingano ndi makina awo ndi nsalu za eni ake tiwaike kuti? Pamutu panu?

Tumizani ndalama za kalipentala ndi matabwa. Malangizo takhuta, ena tasunga a mawa.

Alamu anga muwapatse moni, iwo sanalakwe.

Mlongo wanu.

30 Ogasiti

Amayi,

Mlongo wanga wandilembera, ndipo makutu anga akanali otentha. Pepani. Ndinawerenga kalata yanu ngati munthu wofuna choti akonze, chifukwa ndili kutali ndipo palibe china chomwe ndikanatha kukuchitirani. Ndikanafunsa kaye.

Ndalama za kalipentala ndatumiza kudzera kwa mlongo wanga. Ndaganizira njira zingapo. Nditha kumuuza ejenti kuti apezere a Famase malo ena, tiwabwezere dipoziti ndi za lole, chipinda chibwerere mwakale. Kapena kalipentala agwire ntchito mwachangu, katundu wa a Nasingano ataphimbidwa ndi lona kwa masiku awiri kapena atatu. Ndipo mundikhululukire ponena ichi, koma ndiyenera kuchinena. Ngati a Nasingano angasankhe kuchoka, chipinda chokonzedwa bwino sichisowa munthu, ndipo lendi yake itha kukwerako, popeza iwo akulipirabe mtengo wakalekale.

Musankhe inu. Ine ndisiya kuthamanga.

Mukudya bwino? Mlongo wanga akuti mwaonda, koma iye amakokomeza chilichonse.

Mwana wanu.

17 Seputembala

Mwana wanga,

Moni nonse kumeneko. Usadzipweteke mtima. Ndinakulembera za chitseko chotseka osakuuza ntchito yake, chifukwa kwa ine zinali zodziwikiratu ngati dzina langa. Ndinagwira ntchito mulaibulale zaka zambiri, ndipo ndinaona kuti anthu awiri akhoza kubwereka buku limodzi n'kubwera akusimba nkhani ziwiri zosiyana. Aliyense amawerenga ndi zomwe zili mumtima mwake. Iwe unawerenga ngati mwana wofuna kuthandiza mayi ake.

Malangizo ako ena ndawatsatira. Migwirizano ndalemba ndekha, m'mawu osavuta, ndipo ndinakhala pansi ndi aliyense kuwerenga naye. Adalaivala a chipinda chachitatu anaseka, akuti zaka zonsezi sankadziwa kuti babu likapsa ndi lawo. Kagawo ka zokonzakonza ndayamba kupatula. Za mamita ndafunsa, akuti tidikire.

Koma a Famase sindiwachotsa. Anabwera ndi pepala lathu, sanathyole chitseko. Mwini nyumba akayamba kubweza mawu ake pomwe zamuvuta, anthu enawo amaona, ndipo tsiku lina nawonso adzabweza awo. Ndi mwana wabwino. Wadzala maluwa m'zitini pakona paja, ndipo masiku ano ndimafika mpaka kumapeto.

Za lona sizingatheke. Kalipentala anakwera n'kuona kuti si phaso lokha. Mzere wa njerwa wa pamwamba uyenera kuphwasulidwa, ndipo pansi pamalowa chinyezi. Akuti ndi ntchito ya masabata, fumbi lili tholo. A Nasingano ali ndi mayunifolomu a ana asukulu ndi madiresi a eni ake. Nsalu imodzi ikathimbirira, dzina lawo lathimbirira.

Dzana anandiitanira mkati n'kundikhazika pa benchi ija. Anandiuza mosazungulira kuti apeza chipinda pafupi ndi msika, chodula komanso chamdima, koma chosadontha. Mwini wake akufuna yankho mwezi wa mawa usanathe. Ndinawafunsa ngati akufuna kupita. Anayamba adula kaye ulusi ndi mano, kenako anati, "Amayi, ine ndikanakhala ndekha ndikanagona ndi ambulera. Koma nsalu si zanga."

Wati chipinda sichisowa munthu. N'zoona. Koma bambo ako ankati pa nyumba ya lendi chinthu chovuta kupeza si njerwa kapena malata, ndi munthu wolipira osakumbutsidwa, wosesa ngalande yomwe si yake, wokuuza za kadontho kasanakule. Ankati munthu wotero ukam'kwezera lendi mpaka achoke, zomwe wawonjezazo zimathera pa penti, pa miyezi yodikira wina, ndi pa loko watsopano. A Nasingano ndi amene amalandira pulambala ine kulibe. Ana a pamdadada akaweruka kusukulu amakhala pakhomo pawo mpaka makolo abwere. Ndipo ndi iwo anathamanga opanda nsapato.

Mlongo wako akuti yankho lili m'nyumba mwanga momwemuno. Akuti kachipinda ka bambo ako kali ndi windo lalikulu, soketi, ndi chitseko chakechake chotulukira kukhonde, moti makasitomala sangadutse pabalaza. Zonsezo n'zoona. Ndinamuuza kuti sindingathe. Jekete lawo likadali pa mpando mmene analisiyira. Ndikudziwa chifukwa ndimasuzumira pawindo. Ndikaganiza zolichotsa pamenepo ndimangochoka pawindopo. Mlongo wakoyo anandiyankha mwaukali, kenako analira, kenako anandiphikira. Ndi mmene alili mlongo wako.

Sindikudziwa chomwe ndichite. Kumwamba kwayamba kuchita chifunga cha kutentha, ndipo malata ali kuseri akungodikira.

Ndine mayi ako.

4 Okutobala

Amayi,

Moni. Pa foni mumangoti muli bwino, mlongo wanga akuti ndifunse inu, ndiye ndabwereranso papepala.

Lero ndilibe malangizo. Za kachipinda ka abambo sindinenapo kanthu, ndi inu munakhala nawo zaka zonsezo, ndipo palibe amene angakuuzeni tsiku lotsegula.

Ndili ndi pempho limodzi lokha, ndipo silofulumira. Mukukumbukira levulo ya abambo, chida chathabwa chija chokhala ndi kagalasi ka madzi pakati, choonera ngati khoma lawongoka? Pomwe ankamanga khonde la nyumba yathu ankandipatsa kuti ndiziyang'ana kathovu, ndizikuwa kakafika pakati. Ndinkaona ngati khonde lonse ndamanga ndine. Sabata yatha ndimakhoma shelefu ya ana, inapendama, ndipo ndinangopezeka ndakhala pansi osatha kupitiriza. Pa zinthu zonse za abambo ndikupempha chimenecho. Tsiku lomwe mudzathe, ngakhale chaka chamawa, mudzandisungire.

A Nasingano muwapatse moni, ndipo muwauze kuti ndapepesa.

Mwana wanu.

28 Novembala

Mwana wanga,

Moni kwa iwe, mpongozi wanga ndi ana. Ndachedwa kuyankha chifukwa manja anali otanganidwa, osati chifukwa cha matenda.

Kalata yako inakhala pa tebulo masiku angapo. Kenako m'mawa wina, nditamwa tiyi, ndinadziuza kuti ndingolowa, nditenge levulo, ndituluke, osakhudza china chilichonse. Kiyi anavuta kutembenuka. Mkati munali fungo lomwe silinali la bambo ako, fungo la malo otsekedwa. Levulo inali pa shelefu pomwe imakhala. Nditaitenga ndinaona kamzere ka dothi kakukwera khoma kuchokera pansi, kuseri kwa mulu wa manyuzipepala. Ndinasuntha muluwo ndi phazi, ndipo wa pansi unangoyoyoka. Chiswe chinali chitadya manyuzipepala, chitayamba mwendo wa shelefu, chikulunjika ku mabuku.

Ndinakhala pa mpando wawo, jekete lili kumsana kwanga. Ndinakumbukira chifukwa chomwe ankatsegulira chipinda cha kumapeto m'mawa uliwonse, ngakhale pomwe munalibe kanthu koma tsache. Ankati chipinda chotseka chimawonongeka msanga kuposa chokhala anthu, chifukwa palibe woona chikayamba. Ine ndinkaganiza kuti ndikuwasungira zinthu zawo, pomwe ndinali nditazisiyira chiswe. Akanandiseka kwambiri, kenako akanapita kukatenga mankhwala.

Ndinatsegula windo, n'kuvala nsapato, n'kupita kumdadada levulo ili m'manja, chifukwa ndinaiwala kuisiya. A Nasingano ndinawapeza akulongedza ulusi m'katoni. Yankho la kumsika anali asanapereke, koma anali atatsimikiza zokapereka Lachisanu. Ndinawauza za kachipindako, windo lake ndi chitseko chake, ndipo ndinati akhale mpaka denga litatha. Anandifunsa ngati ndaganiza bwino, popeza makina awo amayamba kulira anthu asanasambe, ndipo makasitomala awo ena ndi olongolola.

Ndinati, "Nyumba ija yakhala chete mokwanira."

Anavomera, koma anaika mfundo yawo, yoti lendi azilipira monga mwa masiku onse, ndipo tilembe papepala. Akuti pepala ndi lomwe lili m'fashoni pamdadada masiku ano. Uone zomwe unayambitsa.

Tinasesa ndi mlongo wako Loweruka. Mankhwala a chiswe tinathira kawiri, ndipo ndinauza kalipentala kuti matabwa onse atsopano awapake asanawakhome. Zida ndaziika m'bokosi, mabuku ndasamutsira kuchipinda kwanga. Manyuzipepala otsala tinawotcha. Jekete ndinalichotsa ndekha, mlongo wako atapita kukataya zinyalala. Silinali lolemera monga ndinkaganizira. M'thumba munali misomali iwiri ndi switi.

Posamuka anathandiza onse. Adalaivala anabweretsa galimoto ya kuntchito, a Famase ananyamula madiresi m'manja ngati ana akhanda, akupepesa njira yonse ngati kuti analakwa ndi iwo. A Nasingano anawauza kuti asiye kupepesa, abweretse siketi yawo ija yaitali mopitirira aipinde.

A Nasingano anakhala kuno pafupifupi mwezi. Khonde linadzaza azimayi oyesa zovala ndi ana obwera kusukulu, omwe anatsatira telala wawo mpaka kuno n'kupeza kuti kuli mabuku. Masana tinkadya limodzi. Tsiku lina anandisimbira zomwe bambo ako ananena atakhala pa benchi paja, asanapemphe madzi. Akuti anawauza kuti chaka chino agona mouma, n'kudandaula kuti misomali yakwera mtengo. Palibe china. Ndinakondwa kumva kuti mawu awo omaliza anali a tsiku wamba.

Kalipentala anamaliza mitambo itayamba kale kusonkhana. Mvula yoyamba inagwa Lachiwiri masana, a Nasingano atabwerera m'chipinda chawo. Itangokata ndinapita kukaona. Ndinawapeza ataima pakati pa chipinda, akuyang'ana kudenga, beseni lili m'manja mwachizolowezi. Pansi panali pouma.

Mlongo wako akuti unapempha levulo dala, podziwa komwe inali. Ine sindikufunsa. Ndaikulunga mu thaulo ndipo ndaitumiza ndi kalata ino. Kagalasi kake n'kabwinobwino. Uwapatse ana aziyang'ana kathovu.

Ndauza adalaivala kuti chilimwe chamawa ndi chawo, akonzekere kudzakhala kuno ndi banja lawo pomwe tikukonza pansi. Ngati ukufuna kuthandiza, uyambe kufunsa mtengo wa simenti, koma usagule usanandiuze.

Zomwe zilipo tsopano ndi izi. Zipinda zisanu zonse za kumdadada zili ndi anthu, denga limodzi ndi latsopano, jekete lili m'kabati mwanga, ndipo kunyumba kuno kuli chipinda chimodzi chopanda munthu, chomwe ndimatsegula m'mawa uliwonse.

Ndine mayi ako.